Khoka Lomwe Linagona kwa Ajira

Beseni la usipa likadzaza, munthu sadzitwika yekha. Pamafunika mnzako agwire mbali inayo, nonse muwerame, mukweze pamodzi, iwe ulowetse mutu mpaka likhazikike pa nkhata. Pa doko lina la ku Nkhudzi mayi aliyense ali ndi womutwika wake. Sachita kupangana ayi, zimangochitika zaka zikamapita. Womutwika Ajira anali Estela.

Ajira, amene akuluakulu amamuitana kuti Abiti Yunusu, anabadwira pomwepo, m'nyumba ya ana aakazi okhaokha. Bambo ake, Che Yunusu, anali msodzi wa matchera, maukonde otchera usiku m'nyanja. Maso awo atayamba kuchita nkhungu anasowa mwana wamwamuna womugwiritsa singano, ndiye anaitanira Ajira kuseri kwa nyumba, kumene amuna odutsa sakanaona n'kuseka. Kumeneko anamuphunzitsa kusoka ukonde: kudula ulusi wothetheka, kuyeza diso ndi chala, kumanga mfundo yosapulumuka.

"Bowo usaligoneke," iwo ankatero. "Likagona, m'mawa ulipeza labereka."

Mtsikanayo anasoka maukonde a bambo ake mpaka chaka chimene anawaika m'manda, ndipo pa doko anthu ankatama Che Yunusu kuti nkhalamba ija dzanja lake silikalamba.

Anakwatiwa ndi Che Sefu, munthu wofatsa amene anakwera basi ya ku Joni monga achitira amuna ambiri a ku Mangochi. Amaimba foni Lachisanu akachoka ku mzikiti, ndipo zomwe apeza amatumiza. Ndi zimenezo kunamangidwa chipinda cha njerwa zowotcha pambali pa nyumba, chofolera ndi malata, cha chitseko chachitsulo ndi loko wamkulu, choti adzatseguliremo golosale akadzabwerera. Madzi oumbira njerwazo ndi mchenga womangira zinabwera pamutu pa Ajira, koma mudzi wonse umachitcha golosale ya Che Sefu. Mwana wawo mmodzi, Shakila, anakwatiwa ku boma.

Estela anafika m'dziko muno ali kumsana kwa amayi ake, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Anakulira cha ku malire, kulima nandolo ndi chinangwa, mpaka a Gaspar, mwana wa othawa nkhondo ngati iye, anamukwatira n'kubwera naye kunyanja. Ndi wa Katolika, wapakamwa, woseka mokweza moti nkhuku zimabalalika, pamene Ajira ndi Msilamu wa mawu ochepa. Koma mwezi wa Ramadani Estela ndiye ankalawa mchere m'futali wa Ajira, poti munthu wofunga salawa kanthu dzuwa lili m'mwamba. Nkhuku ya pa Khirisimasi ankayamba waitengera kwa Msilamu kuti aichinje, kuti mnzakeyo adye nawo mosakayika. Awiriwa anamanga thandala limodzi, lalitali, la bango, loyanikapo usipa. Pakati pake panagwa msana, ndipo chaka chilichonse ankati tidzakonza. Mbali ya kum'mawa inali ya Ajira, ya kumadzulo ya Estela, koma mitambo ikada, amene ali pafupi ankafunditsa konse.

Pamene a zausodzi anabwera kudzakhazikitsa komiti ya pa doko, yoona kuti anthu asaphe nsomba ndi zida zoletsedwa, anati mukhalenso amayi. Anthu anatembenuka kuyang'ana Ajira, poti ankadziwa kuti sakana. Malipiro ake anali sikipa imodzi yomukulira. Tsiku la msonkhano ankalawirira kusesa pansi pa mlambe, kusenza mabenchi a ku madrasa ndi kutungira alendo madzi. Msonkhano ukayamba ankakhala kumapeto, amuna akatha kulankhula iye n'kubweza mabenchi. Sankadandaula. Ali mwana anaona chambo chikudzaza bwato la bambo ake, ndipo atakula anaona mmene chinathera. Ngati kusenza benchi kukanathandiza kuti chambo chibwerere, iye ankasenza.

Chaka china mvula yoyamba itangogwa, nyanja ili yotseka kuti chambo chiswane, boti la oyendera nyanja linapeza a Gaspar ndi alovi awo, amuna owakokera khoka, akukoka kuseri kwa thanthwe. Khokalo linali la maso ang'onoang'ono, ndipo m'thumba lake anasokereramo masikito, maneti a udzudzu aja amagawa kuchipatala. Atakhuthula munatuluka kasawala, tiana ta chambo tosakwana chala. Panalibe poti munthu akanire.

A Latif, mlangizi wa zausodzi m'deralo, anafika pa njinga yamoto. Anadula kachidutswa ka m'thumba kokaonetsa ku khoti, koma mulu wotsalawo unali ngati chulu, wonyowa, wolemera ndi miyala yomizira.

"Pakufunika malo okiya mpaka mlandu uthe," anatero a Latif.

Anthu anatembenukanso kuyang'ana Ajira.

"Masiku ochepa chabe, mayi."

Ajira anayang'ana pansi, kenako anamasula kiyi pa mfundo ya chitenje. Amuna anasenza khokalo chondondozana ngati nsato, n'kuliunjika m'golosale ya Che Sefu.

Masana ake Estela anaima pabwalo manja ali m'chiuno.

"Odi kuno ku polisi!"

"Lowani, achemwali."

"Ndilowe? Mungandikiyire limodzi ndi khoka."

"Sindine ndinaitana boti lija."

"Ndikudziwa. Koma kiyi ali m'chiuno mwa yani?"

Ajira anagwira mfundo ya chitenje ngati kiyiyo akutentha.

"Likanagona panja likanabedwa," anatero.

"Bola likanabedwa! Wakuba sindidya naye mbale imodzi." Estela anatambasula zala. "Izi zinatupa chifukwa cha khoka limenelo. Mapatapata aja tinkatola limodzi m'misewu, mwaiwala?"

Ajira sanaiwale. Zoyandamitsa za khoka la a Gaspar zinali zidutswa za mapatapata otha, zodula bwino, zoboola pakati n'kutunga ku chingwe chapamwamba. Awiriwa anazitola kwa zaka, pobwera kuchigayo, kumaliro, kumsika. A Gaspar ankangopeza zili m'thumba, zodula kale.

M'mawa mwake Estela anayala masaka pa mchenga kutali ndi thandala, n'kuwazapo usipa wake. Mbali ya kumadzulo inatsala yopanda kanthu. Ku doko, Ajira atadzaza beseni anawerama n'kugwira mbali yake mwachizolowezi, koma mbali inayo panalibe dzanja. Amayi ena aliyense anali ndi wake. Akanamuthandiza akanapempha, koma kupempha tsiku ndi tsiku kumalemera kuposa beseni. Anapungula usipa mpaka theka, anadzitwika yekha, n'kubwereranso kudzatenga wotsalawo. Kuyambira tsiku limenelo njira ya ku thandala inatalika kawiri.

Masiku ochepa aja anasanduka dzinja lonse. Mlandu unkaimitsidwa, mwina mboni yadwala, mwina msewu waduka. Khoka linayamba kutulutsa fungo loti ntchentche zinasamuka ku doko. Ajira sakanatha kulitulutsa yekha, ndiye ankalitembenuza pang'onopang'ono, lero mbali iyi, mawa iyo, kulikoloweka pa mitanda ya denga mpaka linauma lonse. Palibe anamutuma. Amene anamusungitsa ankangofuna kuti loko akhale wotseka.

Tsiku lina m'mawa, atatha kuswali, pemphero lake la m'bandakucha, anatsegula kuti mulowe mphepo, ndipo khoswe wonenepa anamudumpha phazi. Pomwe anatulukira panali bowo loti mwana wokwawa n'kudutsa. Ajira analiyang'ana nthawi yaitali. A Latif anali atamuuza kale kuti makoka otere mathero ake ndi pamoto. Anakiya chitseko n'kupita ku doko. Koma bowolo linapita naye. Linali naye pogula usipa, linali naye pouwaza pa thandala, linali naye poutembenuza. M'mawa mwake atatsegula anapeza kuti Che Yunusu sananame: pambali pake panali ena awiri aang'ono.

Anakatenga singano ya nsungwi ya bambo ake, imene inkakhala mu denga la khitchini, ndi ulusi wobiriwira wotsala kalekale. Anakhala pansi, anatambasula miyendo, anakoleka ukonde ku chala chachikulu cha phazi, n'kuyamba. Mukanamufunsa kuti akusokera yani sakanakuyankhani. Manja ankangoyenda okha, diso ndi mfundo, diso ndi mfundo, kuwala kwa m'mawa kukulowera pa chitseko, panja mbuzi zikulira kuti azitsegulire. Bowo litatsekeka anapuma mozama ngati munthu amene watula mtolo. Masikito a m'thumba sanawakhudze. Anabwereka mphaka, anatchera misampha, koma makoswe a m'dzinja satha, choncho m'mawa wambiri unkamupeza m'menemo. Kunena zoona, inali nthawi yokoma kuposa ina iliyonse ya tsiku.

Lachisanu lina Che Sefu anafunsa pa foni: "Ndamva kuti golosale yanga ikununkha nsomba?"

"Yatsegulidwa kale," anatero Ajira. "Kungoti makasitomala ake ndi makoswe."

Amuna akewo anaseka mpaka mayunitsi anatha.

Ulusi wakale utatha anakagula wina, wobiriwiranso. Pamenepo ndi pamene Che Wadi, wogula nsomba wopita nazo ku Limbe, amene amaswera pa bawo pafupi ndi sitolo, anadzutsa mutu. Mayi wopanda bwato, amuna ake ali ku Joni, ulusi wa ukonde akukachita nawo chiyani? Pofika Loweruka nkhani inali itamera miyendo: Abiti Yunusu amabwereketsa khoka logwidwa kwa asodzi a tsidya lina, likang'ambika n'kumasoka. Ajira anaimva ku mjigo. Za Che Wadi sizinamupweteke. Chinamupweteka n'choti Estela anali pamzere womwewo ndi ndowa yake, anamva zonse, ndipo pakamwa paja posatseka panatseka.

Chigamulo chinatuluka chimanga chitauma. A Gaspar anavomera mlandu. Woweruza anawapeza olakwa n'kuwalamula kuti m'malo mopita kundende azikasesa ndi kutchetcha pa sukulu ya pulaimale kwa miyezi ingapo. Analamulanso kuti khokalo liwotchedwe pa doko, anthu akuona, koma zingwe ndi zoyandamitsa zibwezedwe kwa mwini wake poti izo si zoletsedwa. A Gaspar, amene chibadwire anali asanagwirepo tsache, ankasesa ngati akupalasa bwato. Amayi opita ku mjigo ankaima kaye pa mpanda wa sukulu.

"Alamu, mukamaliza uko mubwere kwathu, masamba a mango atikwana!"

Iwo ankangokweza tsache m'mwamba ngati moni. Anali munthu wodziwa kuseka tsoka lake.

Tsiku lowotcha linafika mwera uli pachimake. Kunali kozizira, nyanja ikuwinduka, mabwato onse ali kumtunda, choncho mudzi wonse unalipo. Pa galimoto panatsika a Latif, wapolisi, ndi mayi wina wa ku khoti wodzawerenga chigamulo. Ajira anamasula kiyi. Amuna anatulutsa khoka n'kulitambasula pa mchenga kuti mayi wa ku khoti aone ngati ndi lomwelo.

Likutambasuka, phokoso linayamba kuchepa. Pa ukonde wakuda, wakale, panali zigamba zobiriwira, apa ndi apo, kuyambira kuno mpaka uko, zowala ngati mpiru wa kudimba m'chilimwe.

"Taonani!" anafuula Che Wadi. "Wandende wavala zatsopano! Sindinanene ine? Ndani amamwetsa mankhwala mbuzi yoti ili kale pa mpeni? Khoka ili limalowa m'madzi!"

A Latif anayandikira Ajira n'kutsitsa mawu, ngakhale aliyense ankamva.

"Mayi, tiuzeni. Khokali linatulukapo m'chipinda muja?"

"Silinatuluke."

"Nanga zigambazi?"

"Makoswe."

"Makoswe ndi amene anasoka?" anatero Che Wadi. "Atibwereke, malaya anga ang'ambika m'khwapa!"

Anthu anaseka. Ajira anadikira kuti atsirize.

"Makoswe anaboola. Ine ndinasoka."

"Koma munkadziwa kuti lidzapsa?" anafunsa a Latif.

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munasokeranji?"

Ajira anafunafuna yankho lokwana anthu onsewo koma sanalipeze. Ananena lomwe anali nalo.

"Linali lobooka."

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsewu. Ngakhale wapolisi anatembenukira ku nyanja mapewa akugwedera. Ajira anakokera mpango wake pamphumi. Maso ake anayenda m'khamumo kufuna munthu mmodzi, ndipo anamupeza atanjuta pa chigamba china chapatali, akuyendetsa chala pa mfundo. Estela sankaseka.

A Gaspar, amene anawalola kuchoka ku sukulu tsiku limenelo, anapatsira mnzawo tsache, anagwada, anafumbata chigamba chimodzi n'kuchinunkhiza. Anachikoka ndi manja awiri, kenako anachiluma.

"Ulusi uwu sunaonepo nyanja," anatero. "Ulusi ukalowa m'madzi ngakhale kamodzi, mtundu umafa, mfundo zimalumana. Uwu ukununkha fumbi ndi mkodzo wa makoswe. Che Wadi, bwerani mununkhize, mphuno Mulungu anakupatsani yokwanira." Anaimirira akusansa mawondo. "Palibe wabwereka khoka langa. Alamu angawa asokera moto, basi."

Kuseka kunatembenukira kwa Che Wadi, amene anayamba kufotokoza kuti iwo ankangonena zomwe anamva. Mayi wa ku khoti anayerekeza kachidutswa kaja ndi pomwe kanadulidwa, anaona masikito ali m'thumba momwemo, nati khoka ndi lomweli. Anawerenga chigamulo chonse mphepo ikumulanda pepala.

Kenako a Latif ananena za zingwe. Galimoto inkayembekezeka pa doko lina masana omwewo, choncho moto uyaka anthu akangotuluka ku swala ya masana. Mwini wake achotse zingwe zake isanafike nthawi imeneyo, ndipo pa chingwe pasatsale ngakhale diso limodzi la ukonde woletsedwawo. Zomwe zidzakhale zisanachoke zipsa limodzi.

A Gaspar anayang'ana kutalika kwa khoka lawo. Ukonde munthu amagula ku sitolo, koma zingwe zotungidwa kale, chapamwamba ndi zoyandamitsa zake, chapansi ndi miyala yake, ndiwo msana wa khoka, ntchito ya zaka. Alovi awo anali atabalalika kale, ena ku Makanjira, ena pa mabwato a anthu ena. Amuna a pa doko analowetsa manja m'majekete n'kuyamba kukambirana za mphepo. A Gaspar anatulutsa mpeni, anapita ku mapeto a kumpoto, n'kuyamba okha.

Ajira anapita kunyumba, anatenga kampeni kotumbulira nsomba, n'kubwerera ku mapeto a kummwera. Anakhala pa mchenga wozizira, anakoka chingwe chapamwamba pa miyendo pake, n'kuyamba kudula ulusi womangira, mfundo ndi mfundo, mosamala kuti mpeni usalume chingwe. Sanayang'ane munthu. Patapita kanthawi anaona chingwe chapansi, cha miyala chija, chikugwedezeka. Estela anali atakhala moyang'anana naye, ukonde uli pakati pawo, mpeni uli m'manja.

Anagwira ntchito osalankhula, akusuntha ndi matako pang'onopang'ono kulowera kumpoto. Woyamba kulephera kupirira anali wodziwikiratu.

"Ulusi wobiriwira pa khoka lakuda," anatero Estela osadzutsa mutu. "Mumafuna aone ali ku Makanjira?"

"Ndi umene unalipo."

"Mfundo zake zonyada. Zaima ngati aphunzitsi pa asembule."

"Ndi za bambo anga."

"Za bambo anu! Ngati sitinkadziwa amene ankasoka kuseri kuja." Anadula mfundo zingapo mwaukali. "Mumasoka nthawi yanji?"

"M'mawa, inu musanadzuke."

"Musandinyoze, ine ndimadzuka nkhuku zisanaganize. Ndinkakuonani ndi theka la beseni, uku ndi uku ngati kamwana kotumidwa."

"Inenso ndinkakuonani mukupeta mchenga mu usipa."

"Anthu a ku Limbe amadya ndi mchenga womwe. Amati ndi mchere."

Ajira anaseka chamumtima, mpeni n'kuima. Estela anamuyang'ana koyamba chichokere tsiku lija, kenako anabwezanso maso pa chingwe.

"Ku mjigo kuja," anatero, mawu atatsika, "ndikanayankha. Ndinkadziwa kuti ndi bodza. Koma mtima unali udakali ndi minga."

"Gwirani bwino apo, mudula chingwe."

"Ndidule ine? Ndinamanga ndine."

Chingwe chapamwamba chinkatuluka choyera, zoyandamitsa zikulendewera. Estela anatambasula dzanja n'kugwira kachidutswa kofiirira, kakang'ono.

"Ili si la Shakila ili? Lija analira nalo tsiku lonse litaduka pa Idi?"

"Ndi lomwelo."

"Nanga ili! La Che Sefu. Taonani chidendene chinadyeka mbali imodzi. Amayendabe chopendama?"

"Ku Joni amavala nsapato."

"Nsapato siwongola mwendo, achemwali. Ili ndi la abambo a ku parishi, ndinalipempha ndekha. Ili sindikulidziwa, koma mwini wake anali ndi phazi ngati nkhafi."

Amayi ena atamva kuseka anayandikira kudzaona, ndipo poti munthu sangaimirire pamene anzake akhala, anakhala. Wina anatulutsa lezala, wina anatuma kunyumba mpeni. Aliyense ankafuna patapata la kwawo, ndipo ambiri analipeza. Amuna angapo anachita manyazi n'kupita kukathandiza a Gaspar. Pamene kuitana kwa ku mzikiti kunamveka, magulu awiriwo anali atatsala pang'ono kukumana. Ajira anakaswali, ndipo pobwera anapeza Estela akudula mfundo zomaliza za mbali yake ndi za mbali ya Ajira zomwe. A Latif anayendetsa zingwe zonse m'manja, anachotsa timaulusi tiwiri titatu, n'kugwedeza mutu kuti zili bwino. A Gaspar anazikulunga n'kukhalapo ngati nkhuku pa mazira.

Ukonde wopanda zingwe unaunjikidwa kutali ndi mabwato. Anauthira mafuta, wapolisi anabweza anthu m'mbuyo, a Latif n'kuponya moto. Ukonde supsa ngati udzu. Umakwinyika, umadontha, umalira ngati mafuta m'chiwaya, ndipo utsi wake ndi wakuda, wokanda kukhosi. Mwera unautenga n'kuugoneka chakumpoto. Masikito ndiwo anayamba kutha, kamodzi n'kamodzi.

"Neti yoyera ija ndinalandira ku sikelo ndili ndi pakati pa mwana wotsiriza," anatero Estela, chitenje chili pamphuno. "Ndinaisokerera ndi manja angawa. Mwanayo n'kumagona ndi udzudzu." Anapukuta maso. "Utsiwu ndi woipa."

"Ndi woipa," anavomera Ajira.

Iye ankayang'ana chigamba chimodzi chobiriwira chimene chinali pamwamba pa mulu. Chinakhala kanthawi chili chonse, diso lililonse lofanana ndi linzake, kenako chinapindika n'kuda. Anadikira kuti amve chisoni koma sichinabwere. Ntchitoyo inali yabwino, ndipo chichokere loyamba lija palibe bowo limene linagonanso m'nyumba mwake.

Galimoto itapita, anthu atabalalika, pa mchenga panatsala chibuluma chakuda, cholimba, chotentha mkati, pamalo pomwe ana amasewera opanda nsapato. Chigamulo sichinanene kuti achotse ndani. Ajira anakatenga khasu, Estela anakatenga lake, anakumba dzenje n'kuchikwirira. Atatha Ajira anakasesa golosale ya Che Sefu, n'kusiya chitseko chotsegula kuti fungo lituluke. Mphaka anamubweza kwa eni ake ndi usipa wodzaza manja awiri.

Mwera unagona patapita masiku angapo, mabwato analowa, ndipo m'mawa wina usipa unatuluka wambiri. Ajira podutsa pa thandala anapeza pakati paja pogwa msana pawongoka. Wina anali atamangapo mtanda watsopano ndi chidutswa cha chingwe, ndipo pa mfundo pankalendewera kapatapata kofiirira. Mfundoyo inali yoipa, yopotoka, yoti Che Yunusu akanaiona akanadwala. Ajira anaigwira, anaganiza zoimasula kuti amange bwino, koma anaisiya.

Ku doko anathira usipa mpaka theka la beseni n'kuwerama kuti adzitwike.

"Ndiye chiyani chimenecho?" Estela anali kumbuyo kwake, nkhata ili kale pamutu. "Mukupita kukadyetsa mphaka? Dzazani."

Ajira anadzaza.

"Onjezerani. Pamwamba apo pali malo."

Anaonjezera mpaka usipa unachita phiri.

"A Gaspar akuti akamaliza kusesa agula ukonde wa maso akuluakulu, woti kasawala azidutsa akuimba nyimbo. Akuti womangirira ku zingwe zija amudziwa. Ndawauza kuti ameneyo sasokeranso ulere, ndipo asokera pabwalo, osati kuseri."

"Tidzaona," anatero Ajira.

"Tidzaona chiyani? Ndanena kale. Gwirani uko."

Onse anawerama. Beseni linanyamuka, linaima kanthawi m'mwamba madzi akudontha m'mikono mwawo, n'kukhazikika pa nkhata. Linali lolemera moti khosi la Ajira, lozolowera theka, linadandaula. Anaima nalo chilili, kudikira kuti Estela adzaze lake.